Kodi Galimoto Yakale Yovekedwa Mabuleki a Ina Ikadali Yomweyo?

Limodzi mwa mafunso akale kwambiri m'filosofi, omwe ndi maphunziro ofufuza maziko a zinthu ndi a maganizo a anthu, ndi lakuti n'chiyani chimachititsa kuti chinthu chikhalebe chomwecho pamene ziwalo zake zikusinthidwa chimodzichimodzi. Funsoli limamveka ngati la anthu osowa chochita, koma limadzuka m'galaja iliyonse momwe makaniko akumasula mabuleki a galimoto yakale kuti aikepo ena ochokera ku galimoto ya mtundu wina. Eni magalimoto amachita zimenezi pa zifukwa ziwiri, chifukwa ena amafuna kuti galimoto ya m'zaka za m'ma 1960 iziima msanga ngati magalimoto a masiku ano amene ikuyenda nawo pamsewu umodzi, pomwe ena amangokakamizika poona kuti masipeya a mtundu wa galimoto yawo anasiya kupangidwa kalekale. Onsewa, kaya akudziwa kapena ayi, amakhala akuyankha mafunso awiri nthawi imodzi, la chimene galimotoyo yasanduka ndi la munthu amene adzasenze mlandu ikadzalephera kuima, ndipo funso lachiwirili ndi limene lili ndi mphamvu yomasula loyambalo.

Plutarch, mlembi wachigiriki wa m'nthawi ya ulamuliro wa Aroma, analemba kuti anthu a ku Athens anasunga chombo cha Theseus, ngwazi ya m'nthano zawo, kwa mibadwo yambiri pochotsa matabwa owola n'kumaikapo atsopano, mpaka anthu ophunzira anayamba kutsutsana ngati chombocho chinali chomwe chija kapena china. M'chaka cha 1655, Thomas Hobbes wa ku England anakulitsa vutoli m'buku lake lotchedwa De Corpore pofunsa zimene zikanachitika munthu wina akanatola matabwa onse otayidwawo n'kupanganso chombo, popeza pakanakhala zombo ziwiri, chilichonse chili ndi chifukwa chodzitchulira kuti ndicho chenicheni. Nkhani ya mabuleki ndi yolimba kuposa ya chombocho pa mfundo imodzi. A ku Athens ankaika thabwa lofanana ndi limene achotsa, motero kapangidwe ka chombo sikankasintha, koma makaniko amene akuika mabuleki a mtundu wina akusintha kapangidwe kamene, ndipo akutero mwadala chifukwa waona kuti zimene anaika wopanga galimotoyo n'zoperewera.

Chiphunzitso cha Chibuda chili ndi yankho lake m'buku lotchedwa Milindapanha, momwe mmonke Nagasena akufunsa Mfumu Milinda ngati galeta limene yakwera ndi magudumu ake, goli lake kapena mtanda wolumikiza magudumuwo, ndipo mfumuyo ikuvomereza kuti palibe chiwalo chimodzi chimene chili galeta, koma kuti dzinali limaperekedwa pamene ziwalozo zalumikizidwa. Cholinga cha Nagasena chinali kusonyeza kuti nayenso munthu alibe chinthu chosasintha m'kati mwake, koma wina atatengera yankholi ku galaja akhoza kunena kuti galimoto ndi dzina chabe, choncho palibe chimene chimatayika mabuleki akasinthidwa. Yankho limeneli limamasula makaniko mosavuta kwambiri. Aristotle, katswiri wa filosofi wachigiriki, ndi amene amathandiza kwambiri apa, chifukwa ankaphunzitsa kuti chinthu chimamveka bwino pofunsa zinthu zinayi, zimene chinapangidwa nazo, kapangidwe kake, amene anachipanga ndi cholinga chake, ndipo kusintha mabuleki kumakhudza zitatu zoyambazo pofuna kukwaniritsa chachinayicho. Munthu sangaweruze ngati kusintha kotereku kuli kwabwino asanamvetse ntchito imene mabuleki amagwira.

Galimoto yoyenda imakhala ndi mphamvu imene siingangotha yokha, ndipo ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa mphamvuyo kukhala kutentha pokhukhuza chinthu chozungulira ndi china chosazungulira. Mphamvu imeneyi imakula mofulumira kuposa liwiro, kotero kuti galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imafunika kutaya kutentha kochuluka kanayi poyerekeza ndi pamene ikuyenda makilomita 50 pa ola. M'mabuleki a dramu, amene Louis Renault anawaika pa magalimoto ake m'chaka cha 1902, tizitsulo topindika tokutidwa ndi zokhukhuzira timakankhidwira kunja n'kugwira m'kati mwa chitsulo chooneka ngati mbale yakuya, ndipo chifukwa zonsezi zimakhala zotsekeredwa, kutentha kumachedwa kutuluka, dramuyo imafufuma n'kutalikirana ndi zokhukhuzirazo. M'mabuleki a disiki, mapadi awiri amapana chitsulo chophwatalala chimene chimazungulira pamphepo, ndipo chipangizo chimene chimagwira mapadiwo n'kuwakanikiza amakaniko amachitcha caliper. Frederick Lanchester wa ku Birmingham analembetsa luso la disiki m'chaka chomwecho cha 1902, koma linadzatchuka patapita zaka 50, Jaguar C-type itapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953 ndi madisiki a Dunlop, kenaka Citroën DS itatuluka nawo mu 1955. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi sikuonekera kwenikweni poima kamodzi pamalo athyathyathya, koma pamtsetse wautali ngati wa Chiweta m'boma la Rumphi kapena wotsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, pomwe dalaivala amaponda buleki mobwerezabwereza mpaka fungo la zopserera limalowa m'galimoto, chopondera chimayamba kuzama, ndipo liwiro silitsikanso molingana ndi mphamvu ya mwendo wake.

Ichi n'chifukwa chake eni magalimoto akale m'mayiko osiyanasiyana anaphunzira kubwereka ziwalo, ndipo nzeru za chimene chimalowa pa chiyani zimayenda pakati pawo ngati chuma. Mini, imene inatuluka ku Britain mu 1959 ndi madramu m'magudumu onse anayi, imavekedwa madisiki a mainchesi 7.5 a Mini Cooper S ya 1963, amene amakwana m'malimu ake aang'ono a mainchesi 10, koma mwini wake akasirira madisiki a mainchesi 8.4 amene Mini inayamba kutuluka nawo mu 1984, amayenera kusinthanso malimu kuti akhale a mainchesi 12, ndipo pamenepo maonekedwe a galimotoyo amasintha moti aliyense woidziwa amazindikira ali patali. Volkswagen Beetle imabwereka madisiki akutsogolo a Karmann Ghia, m'bale wake wa kampani imodzi. Ku America, Ford Mustang ya m'ma 1960 yakhala ikuvekedwa madisiki a Ford Granada ya 1975 mpaka 1980 pamodzi ndi zitsulo zimene gudumu limazungulirapo, zomwe zimakhudzanso zolumikizira chiwongolero, pomwe Datsun 240Z imalandira macaliper a mapisitoni anayi ochokera ku galimoto yonyamula katundu ya Toyota, kampani yopikisana nayo. M'zitsanzo zonsezi chiwalo chimodzi chobwerekedwa chimaitana chinzake, ndipo palibe pamene kusinthaku kumathera pa chitsulo chimodzi.

Pali anthu amene amakana zonsezi, ndipo maganizo awo si oyenera kupeputsidwa. Iwo amati galimoto yakale ndi umboni wa mbiri, wosonyeza mmene anthu a nthawi ina ankaganizira ndi zimene ankatha kupanga, motero woichotsa madramu ake akufufuta mbali ya umboniwo ndipo akunamiza mibadwo yam'tsogolo, imene idzaganiza kuti magalimoto a nthawi imeneyo ankaima bwino kuposa mmene ankaimira. Bungwe la padziko lonse la magalimoto akale la FIVA linakhazikitsa chikalata chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, cholimbikitsa kusunga ziwalo zoyambirira ndi kulemba zosintha zonse, komanso kuti zosinthazo zikhale zotheka kubwezeretsa. Ku Germany, galimoto ya zaka 30 kapena kuposerapo imatha kulandira nambala yothera ndi chilembo cha H, koma zosintha zimene zimaloledwa pa iyo ndi zogwirizana ndi nyengo imene inapangidwa. Chodabwitsa ndi njira imene ofesi yolembetsa magalimoto ku Britain ya DVLA inagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri poweruza ngati galimoto yosinthidwa kwambiri ikhalebe ndi nambala yake yakale: inkapereka mapointi 5 ku chasisi, yomwe ndi chimango chimene galimoto yonse imakhazikikapo, mapointi awiriawiri ku zinthu monga chiwongolero ndi giyabokosi, pointi imodzi ku injini, ndipo pankafunika mapointi 8 kuti galimotoyo iwerengedwe kuti ndi yomwe ija. Mabuleki sankawerengedwa n'komwe pa mndandandawu, ngati kuti boma linagamula kuti chiwalo chimene chimateteza moyo sichili mbali ya dzina la galimoto.

Maganizo a osunga mbiri ndi omveka kwathunthu pa galimoto imene yaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, koma amafooka galimotoyo ikangotulukira pamsewu, chifukwa pamenepo pamabwera munthu wachitatu amene sanafunsidwe maganizo. Injini, mipando ndi utoto ndi za mwini galimoto, ndipo iye akhoza kuzisunga zachikale n'kupirira yekha zovuta zake. Mabuleki amagwirira ntchito mwana wodumpha msewu, wakabaza amene ali kutsogolo ndi mayi wogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu, ndipo anthu amenewa sanavomereze kuti moyo wawo ukhale mtengo wosungira mbiri. Buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, lili ndi lamulo lolamula womanga nyumba yatsopano kuti amange kampanda kuzungulira denga lake, popeza m'masiku amenewo madenga anali athyathyathya ndipo anthu ankakhalapo, kuti nyumbayo isadzakhale ndi mlandu wa magazi wina akagwa. Mfundo yake ndi yakuti ngozi imene munthu akanatha kuiona patali n'kuipewa imawerengedwa pa iye ngakhale sanakankhe aliyense. Chitsanzo chomveka bwino cha kampanda kotere pa galimoto ndi master cylinder, yomwe ndi pampu imene imakankha mafuta a mabuleki dalaivala akaponda. Magalimoto ambiri akale anali ndi pampu ya njira imodzi, moti paipi imodzi ikabooka magudumu onse anayi ankataya mabuleki nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 dziko la America linalamula pampu ya njira ziwiri, imene imasiya magudumu ena akugwirabe mbali imodzi ikawonongeka. N'kovuta kupeza chifukwa cha mbiri chokwanira kukanira kusintha kumeneku pa galimoto yonyamula anthu.

Komabe amene angaganize kuti nkhani yathera pamenepa, n'kunena kuti chiwalo chachikulu ndi chatsopano n'chabwino nthawi zonse, walakwitsa kuposa osunga mbiri aja, ndipo kulakwitsa kwake n'koopsa chifukwa kumaoneka ngati kusamala. Chimene chimaimitsa galimoto pamapeto pake ndi tayala logwira msewu, kotero kuti ngati mabuleki akale ankatha kale kumanga gudumu mpaka kukhukhuzika pansi, madisiki aakulu sangafupikitse mtunda woimira pa kuponda kamodzi, ndipo phindu lawo lenileni lili pa kupirira kutentha. Kuwonjezera apo, galimoto ikamaima kulemera kwake kumatsamira kutsogolo, motero wopanga amagawa mphamvu ya mabuleki mwadala kuti akutsogolo azigwira ntchito yambiri ndipo akumbuyo asamange msanga, chifukwa magudumu akumbuyo akamanga akutsogolo asanatero, galimoto imatembenuka n'kuyang'ana kumene ikuchokera. Makaniko amene waika madisiki amphamvu kumbuyo osaganizira kagawidwe kameneka wapanga galimoto imene imaima bwino pamsewu wouma poiyesa, koma yodikira tsiku la mvula kuti ionetse khalidwe lake.

Zovuta zina n'zobisika kwambiri. Mafuta a mabuleki amatsatira lamulo limene Blaise Pascal anafotokoza m'zaka za m'ma 1600, lakuti madzi otsekeredwa akakanikizidwa amafalitsa kukanikizako mofanana mbali zonse, choncho caliper ya mapisitoni aakulu imapana mwamphamvu koma imamwanso mafuta ambiri, ndipo pampu yakale ikalephera kuwakwanitsa, chopondera chimatsika kwambiri mabuleki asanagwire. Ichi n'chifukwa chake eni Datsun 240Z ambiri amene amaika macaliper a Toyota amatenganso pampu yokulirapo ya Datsun 280ZX. Pampu yopangidwira madramu nthawi zambiri imakhala ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, ndipo kavalavuka kakasiyidwa pa madisiki, mapadi sasiyiratu disiki, imatentha mpaka kusanduka yobiriwira modera ngakhale dalaivala sanaponde buleki. Mafuta enieniwo ali ndi malamulo awo, popeza a DOT 3 ndi a DOT 4 amayamwa chinyezi, moti a DOT 4 amene amayenera kupirira madigiri 230 akali atsopano amatha kuwira pa madigiri 155 akakalamba, ndipo a DOT 5 sasakanizidwa ndi enawo. Palinso nkhani ya zitsulo zakale zimene ziwalo zatsopano zimamangiriridwapo, ndipo apa chiphunzitso cha Yesu cha pa Mateyu mutu 9, chonena za chigamba chatsopano chimene chimang'amba chovala chakale, chikugwira ntchito monga mmene chilili: caliper yamphamvu imakoka mabawuti, mapaipi adzimbiri ndi zitsulo zimene zagwira ntchito zaka 50, ndipo chofookacho ndi chimene chimayamba kuthyoka. M'magalaja ambiri si zachilendo kuona caliper itapalidwa ndi chopukusira kuti ikwane m'limu, kapena mawashala atatu atasanjikizidwa pa bawuti kuti disiki ikhale pakati, ndipo ntchito yotereyi imaoneka yaluso mpaka tsiku limene idzayesedwe pamtsetse.

Zonsezi zikubwezera nkhani kwa Aristotle, chifukwa zikusonyeza kuti ubwino wa mabuleki uli m'kugwirizana kwa pampu, mapaipi, macaliper, matayala ndi kulemera kwa galimoto, ndipo kugwirizana kumeneko ndi kumene iye ankakutcha kapangidwe. Fakitale inafika pa kapangidwe kake itawerengera ndi kuyesa, ndipo dzina lake lolembedwa pa galimoto ndi lonjezo lakuti wina anaganizira zinthu zimenezi. Munthu akasintha kapangidweko, lonjezo lija limatha pa mbali imene wasinthayo, ngakhale dzina la fakitale likadali pa boneti, ndipo iyeyo ndi amene walowa m'malo mwa wopanga. Motero yankho la funso la Plutarch pa galimoto yotere lili pawiri: pa mbiri, pa umwini ndi pa chikondi cha mwini wake, galimotoyo ndi yomwe ija, popeza yachokera ku yakaleyo mosadukiza, koma pa nkhani ya chikhulupiriro chimene anthu angaike pa iyo, ndi galimoto yatsopano imene sinayesedwepo, yopangidwa ndi fakitale ya munthu mmodzi. Ambiri amasangalala ndi ulemu wokhala wopanga, koma ndi ochepa amene amavomera udindo umene umabwera nawo.

Ku Malawi ndi m'mayiko oyandikana nawo kubwereka ziwalo sikuchitika kawirikawiri chifukwa chokonda magalimoto akale, koma chifukwa chakuti Land Rover, Peugeot kapena Toyota yakale ndi imene ikudyetsa banja, ndipo sipeya yake yeniyeni ndi yosowa kapena yokwera mtengo. Luso la amakaniko amene amadziwa pamtima kuti mapadi a galimoto yakuti amalowa pa yakuti ndi loyenera ulemu, chifukwa ndi limene lasunga magalimoto ambiri pamsewu. Koma kusowa sikuchotsa udindo, popeza munthu wogundidwa amavulala chimodzimodzi kaya mabulekiwo anasinthidwa chifukwa cha kunyada kapena chifukwa cha umphawi. Chiphaso cha COF, chimene nthambi ya boma yoona za pamsewu imapereka posonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, chimangonena za mmene galimotoyo inalili pa tsiku loyesedwa, ndipo sichingamasule chikumbumtima cha munthu amene akudziwa kuti m'gudumu muli bawuti yosayenera.

Udindo wa wopanga watsopanoyu uli ndi mbali imene anthu amaiiwala kwambiri, yomwe ndi kunena zoona. Galimoto imakhala nthawi yaitali kuposa chikumbumtima cha amene anaisintha, imagulitsidwa, imasiyidwa ngati chuma chamasiye, ndipo tsiku lina makaniko wina amapita kukagula mapadi potchula mtundu wa galimotoyo n'kubwera ndi osakwana, kapena choipa kwambiri, okwana pang'ono chabe, amene amawakakamiza kulowa. Kampani ya inshuwalansi imene sinauzidwe za kusinthaku imakhala kuti yavomera kuteteza galimoto ina yosiyana ndi imene ili pamsewu, ndipo wogula amene sanauzidwe amakhala akukhulupirira fakitale pa ntchito imene fakitaleyo sinagwire. Pa mfundo iyi osunga mbiri a FIVA ndi lamulo la Deuteronomo zimakumana mosayembekezeka, chifukwa onse akufuna kuti chimene chasinthidwa chidziwike, ena pofuna kuteteza mbiri, ena pofuna kuteteza moyo.

Choncho kusintha mabuleki a galimoto yakale n'kololedwa, ndipo pa galimoto ya pampu ya njira imodzi imene imanyamula anthu n'kofunika ndithu, malinga ntchitoyo ikuyamba ndi matayala abwino, mafuta atsopano ndi mapaipi opanda dzimbiri, kenaka ziwalo zobwerekedwazo zibwere monga banja lathunthu logwirizana ndi kulemera kwa galimotoyo, ziyesedwe pamalo opanda anthu, pouma ndi ponyowa, ndipo pepala lotchula mtundu ndi chaka cha galimoto imene chiwalo chilichonse chachokera lisungidwe pamodzi ndi mapepala a umwini. Galimoto imene mwini wake sangathe kutchula kumene mabuleki ake anachokera siyenera kugulitsidwa kapena kunyamula anthu mpaka zimenezo zitafufuzidwa.